Chithunzi cha Phiri Chikalephera Kufanana ndi Phirilo: Kupeza Vuto ndi Kulikonza

Anthu amene angoyamba kujambula mapiri, nyanja ndi zigwa amadandaula zinthu zofanana chaka ndi chaka. Munthu amakaima pa Emperor's View ku Zomba, n'kuona chigwa chonse, nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali, koma pofika kunyumba chithunzi chili mbuu, thambo latuwa ngati pepala ndipo phiri silikuoneka bwino. Ganizo loyamba limakhala lakuti kamera ndi yachabechabe. Nthawi zambiri si choncho. Pa mavuto amene ali m'munsimu, ochuluka amachokera ku nthawi imene mwajambulira, m'manja mwanu, kapena pokonza chithunzi pa foni ndi pa kompyuta. Pansi pa vuto lililonse ndayamba ndi chifukwa chimene chimachitika kawirikawiri, n'kumatsika mpaka chimene chimachitika patalipatali. Yesani motsatira ndondomekoyo musanaganize zogula china chilichonse.

## Chithunzi chonse chili chimbuuzi

Choyamba kulitsani chithunzicho pa sikirini mpaka muone timasamba ta mitengo. Ngati chilichonse chikuoneka ngati chakokedwera mbali imodzi, kamera inagwedezeka. Ngati mbali ina yagwira bwino pomwe ina ili chimbuuzi, vuto ndi focus, kutanthauza malo amene kamera yalunjikapo kuti agwire bwino.

1. Kamera inagwedezeka m'manja. Ichi ndiye chifukwa chachikulu, makamaka m'bandakucha ndi chisisira, pamene kuwala kwachepa ndipo kamera payokha imachedwetsa shutter, kachitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kulowe.
- Onani shutter imene chithunzicho chinajambulidwira. Lamulo lakale ndi lakuti isachedwe kuposa sekondi imodzi kugawa ndi nambala ya mm imene lenzi ilipo. Pa 50mm, 1/50 ndiye malire. Makamera ambiri a oyamba ali ndi sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) yaing'ono, choncho onjezani liwiro: pa 200mm musatsike pansi pa 1/320.
- Tsamiritsani zigongono pachifuwa, kapena ikani kamera pa mwala, pa chitsa, pa chikwama. Kathumba ka nsalu kodzaza nyemba kapena mpunga kamagwira kamera bwino kwambiri pa mwala kapena pa windo la galimoto yozimitsa injini.
- Ikani timer ya masekondi 2 kuti chala chanu chisagwedeze kamera podina.

2. Tripod, choikapo kamera chamiyendo itatu, ilipo koma ikunjenjemera. Tripod zopepuka sizilimba ndi mwera wa kunyanja kapena mphepo ya pamwamba pa phiri. Musakweze mtengo wapakati, fupikitsani miyendo, ndipo mangani lamba wa kamera kuti asamakupize. Pa mchenga kanikizani miyendo ilowe pansi. Kamera ikakhala pa tripod zimitsani chothandiza kugwedezeka, chimene pa lenzi za Canon chimalembedwa IS, pa Nikon VR. Pa lenzi zina chimenechi chikasiyidwa choyatsa chimabweretsa kugwedezeka kumene kunalibe.

3. Focus inagwera pena. Mukaisiya kamera kuti isankhe yokha, imathamangira chinthu chapafupi, kaya ndi udzu kaya nthambi. Sankhani kadontho kamodzi ka focus n'kukaloza pamene mukufuna. Pa lenzi ya 18-55mm imene imabwera ndi makamera ambiri, mukaika pa 18mm ndi f/8 (nambala ya kukula kwa bowo lolowetsa kuwala), n'kuloza chinthu chili mamita 2 kapena 3 patsogolo panu, pafupifupi zonse kuyambira pafupi mpaka kuphiri zimagwira. Pa foni, dinani pa sikirini pamene mukufuna, kenako gwirani chala pomwepo kwa kanthawi kuti focus itsekeke.

4. Aperture, bowo lija lolowetsa kuwala, yapitirira muyeso. Ambiri akamva kuti nambala yaikulu imagwiritsa zonse, amathamangira f/22. Bowo likachepa choncho kuwala kumamwazika ndipo chithunzi chonse chimafewa. Khalani pakati pa f/8 ndi f/11.

5. Zoom ya foni. Kutambasula zala pa sikirini sikuyandikitsa phiri, kumangodula chithunzi n'kuchikulitsa. Gwiritsani ntchito manambala a lenzi zenizeni zimene foni yanu ili nazo, monga 1x kapena 2x.

Pitani kwa katswiri ngati pa tripod, ndi timer, pa f/8, mbali imodzi ya chithunzi imakhala chimbuuzi nthawi zonse pomwe inayo ili bwino. Zimenezi zimachitika lenzi ikagwa ndipo magalasi a mkati akasuntha. Kunyumba simungazikonze.

## Mapiri akutali atuwa, mitundu yafooka

Vuto ili ndi limene limakhumudwitsa anthu ambiri kuno kwathu, ndipo ndi limene anthu amanamizira kamera koposa.

1. Mumlengalenga muli utsi ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, tchire limapsa, anthu amasosa ndi kutentha mapesi m'minda, ndipo fumbi limakwera. Mu Okutobala mutha kuima pa msewu wa Thyolo osaliona bwino phiri la Mulanje, ngakhale kuti nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Palibe lenzi imene ingaboole utsi umenewo. Mpweya umayera mvula ikautsuka: tsiku lotsatira mvula yamphamvu, komanso miyezi ya Epulo ndi Meyi pamene mvula yangosiya koma dziko likadali lobiriwira. Amene akufuna chithunzi cha minda ya tiyi ndi phiri kumbuyo kwake aganizire miyezi imeneyi.

Sindikunena kuti kamera muibise m'chilimwe. Utsi womwewo umafiiritsa dzuwa polowa, limakhala psuu, lozungulira bwino, ndipo umasiyanitsa mapiri m'mizeremizere, lakutsogolo lakuda, lotsatira lotuwirako, mpaka lomaliza longooneka chizimezime. Jambulani zimenezo ndi lenzi yaitali. Chimene simungapeze m'nyengoyo ndi phiri lakutali looneka mwala uliwonse.

2. Mwajambula dzuwa lili paliwombo. Kuwala kochokera pamutu kumaphwatalitsa dziko, mitsinje ndi zigwa za m'phiri sizioneka chifukwa palibe mthunzi. Dzuwa likakhala m'munsi kuwala kumadutsa cham'mbali ndipo makwinya onse a phiri amatuluka. Dziko lathu lili kufupi ndi equator, choncho dzuwa limakwera ndi kutsika mofulumira. Kuwala kokoma kuja sikukhalitsa. Fikani pamalo kudakali mdima, tripod ikhale itaima kale. M'mwezi wa Novembala kumacha cha m'ma 5 koloko, mu Juni cha m'ma 6.

Dziwaninso kumene malowo anayang'ana. Ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay dzuwa limatulukira m'nyanja. Ku Cape Maclear gombe linayang'ana chakumadzulo, ndiye kumeneko chithunzi cha dzuwa pamadzi ndi chamadzulo.

3. Lenzi yada. Pa foni chifukwa ichi chimakwera kukhala choyamba. Mafuta a chala chimodzi akukwanira kutuwitsa chithunzi chonse. Pukutani musanajambule.

4. Dzuwa likuwomba pa galasi la lenzi. Vekani chipewa cha lenzi, kapena tchingani ndi dzanja kapena chisoti, koma onetsetsani kuti sichinalowe m'chithunzi.

5. Mwajambula RAW, mtundu wa fayilo yosunga chithunzi chosakonzedwa. Fayilo ya RAW imaoneka yofooka ikangotsegulidwa chifukwa kamera sinaithire kalikonse. Si vuto, imadikira inu kuti muikonze.

Fyuluta ya polarizer, galasi lovekedwa kutsogolo kwa lenzi lochepetsa kunyezimira, imathandiza kwambiri pa masamba onyowa, pa madzi ndi pa thambo, makamaka dzuwa likakhala cham'mbali mwanu, osati kutsogolo kapena kumbuyo. Koma pa lenzi yotambalala imadetsa thambo mbali imodzi yokha, n'kusiya chigamba chabuluu woderapo pakati. Mukaona zimenezi itembenuzeni pang'ono kuti mphamvu yake ichepe.

## Thambo layera kotheratu, kapena pansi pada bii

Maso athu amaona mtambo wowala ndi mthunzi wa pansi pa mtengo nthawi imodzi. Sensa siingakwanitse zonsezo pa chithunzi chimodzi ngati kusiyana kwake kwakula.

1. Kamera inayeza kuwala pa malo amdima. Ikaona nkhalango yakuda imawalitsa chithunzi chonse, thambo n'kupsa. Yatsani histogram, kachithunzi kooneka ngati kamulu kosonyeza mdima kumanzere ndi kuwala kumanja. Ngati kamulu kake kakanikizika kukhoma lakumanja, pali malo amene ayera mopanda kanthu. Tsitsani exposure, muyeso wa kuwala kwa chithunzi, ndi -0.7 kapena -1 n'kujambulanso. Pa foni, dinani pa thambo kenako tsitsani kachizindikiro ka dzuwa. Kumbukirani ichi: mthunzi wakuda ungathe kutukulidwa pokonza, koma thambo limene layera kotheratu latayika basi.

2. Kusiyana kwakula kwambiri. Mukayang'anizana ndi dzuwa, ikani kamera pa tripod mujambule zithunzi zitatu, chimodzi pa -2, china pa 0, china pa +2, n'kuziphatikiza pa kompyuta. Pa foni yatsani HDR, imene imachita zomwezo yokha. Masamba kapena mafunde akamayenda, njira iyi imasiya zinthu zooneka pawiri, ndiye chithunzi chimodzi cha RAW chodetsedwa pang'ono chimaposa.

3. Sikirini yakunamizani. Padzuwa sikirini imaoneka yakuda, usiku imaoneka yowala. Khulupirirani histogram.

4. Munaiwala kubweza zimene munasintha dzulo. ISO ndi nambala imene ikakwera chithunzi chimawala kwambiri, ndiye ISO 3200 ya usiku ikatsala mpaka m'mawa, zonse zimayera. Zoloŵerani kubwezera ISO pa 100 ndi exposure pa 0 musanaike kamera m'chikwama.

Kuli chiperoni, thambo limakhala lotuwa lokha ndipo mulibe kanthu koti mupulumutse. Lichotseni m'chithunzi. Tsiku lotero ndi labwino kujambula mathithi, mitengo ndi mitsinje ya m'nkhalango.

## Madzi a mathithi sakuoneka monga munafunira

Kuti madzi aoneke osalala pamafunika shutter yochedwa, kuyambira 1/4 mpaka sekondi imodzi, ndipo tripod ndi yosapeweka. Chimene chimalephereka kawirikawiri ndi chakuti masana kuwala kumachuluka, chithunzi n'kuyera. Tsitsani ISO pa 100, ikani f/11, onjezani polarizer, imene imachepetsa kuwala ndithu. Zikakanikabe pamafunika fyuluta yakuda ya ND, kapena kubwerera m'mawa dzuwa lisanafike pamadzi. Pa Williams Falls ku Zomba ndi pa Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula, mitengo ndi matanthwe zimapereka mthunzi nthawi zina za tsiku, ndiye kudikira kumathandiza. Pukutani lenzi pafupipafupi chifukwa timadontho ta madzi timagwera osaonekera.

Apa chenjezo ndi la moyo, osati la kamera. Matanthwe a pa mathithi ndi oterera, ndipo mitsinje ya m'phiri la Mulanje imadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumtunda ngakhale pamene mwaimapo pali dzuwa. Pa Manchewe, kufupi ndi Livingstonia, phompho lake ndi lopitirira mamita 100. Musabwerere chambuyo diso lili pa kamera. Pokwera Mulanje tengani wolondolera njira wodziwa phirilo, ndipo akanena kuti chifunga chikubwera tibwerere, bwererani.

## Nyanja yapendekeka, kapena chithunzi chilibe chokopa

Madzi sapendekeka, choncho diso limazindikira msanga mzere wa nyanja ukakhota ngakhale pang'ono. Yatsani mizere ya grid pa kamera kapena pa foni. Mutha kuwongola pokonza, koma kuwongolako kumadya m'mphepete, ndiye siyani malo pojambula. Mzerewo ukapindika ngati uta, ndi lenzi yotambalala. Yatsani lens correction mu pulogalamu yanu.

Chithunzi chowongoka, chogwira bwino, koma chosakopa, chimakhala ndi zifukwa izi:
- Mwafuna kutenga zonse. Phiri lalikulu limachepa pa 18mm. Sankhani chinthu chimodzi, monga thanthwe la Chambe pa phiri la Mulanje, n'kuyandikitsa.
- Kutsogolo kulibe kanthu. Bwato la chimtengo pagombe, mlambe, njira yodutsa m'minda ya tiyi, zimalowetsa diso m'chithunzi. Gwadani pansi muone mmene zisinthire.
- Palibe chosonyeza kukula. Munthu mmodzi wooneka wamng'ono pa udzu wa Nyika amauza woona kuti dzikolo ndi lalikulu bwanji. Ngati munthuyo akuzindikirika, kaya ndi msodzi kaya mayi wothyola tiyi, mupempheni kaye mwaulemu, ndipo akakana musaumirire.

## Timadontho takuda pa thambo

Yesani motere: ikani f/22, lozani khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo, mujambule. Sinthani lenzi mujambulenso. Kadontho kakakhala pamalo omwewo, fumbi lili pa sensa.

1. Yatsani njira yoyeretsa sensa imene ili m'menyu ya kamera.
2. Zikakanika, batire ili yodzaza, chotsani lenzi, yang'anitsani kamera pansi, n'kupemerera ndi kampira kopopera mpweya. Osauzira ndi pakamwa, malovu amaipitsa koposa fumbi.
3. Posintha lenzi, zimitsani kamera, fulatirani mphepo, chitani mwachangu. Pagombe ndi pa msewu wafumbi pewani kusintha.

Galasi la kutsogolo likakhala ndi mchenga, pemererani kaye musanapukute. Kupukuta ndi malaya mchenga ulipo n'chimodzimodzi kukwecha poto ndi mchenga, zipsera zake sizichoka.

Lekerani pomwepo ndipo funani katswiri ngati kadontho sikakuchoka ndi mpweya, ngati pali mzere wautali wowongoka pa chithunzi chilichonse, kapena mukayang'ana m'lenzi ndi tochi mukuona timizere toyera ngati ukonde wa kangaude. Chimenecho ndi chuku, ndipo chimamera m'nyengo yamvula kamera ikasungidwa m'chikwama chachinyontho. Chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi. Musamasule lenzi nokha. Isiyanitseni ndi zinzake, ndipo zotsalazo muzisunge m'kontena yotseka bwino, muli timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Timapaketito tikakhuta chinyezi timafunika kuumitsanso.

## Lenzi yachita nthunzi, batire yatha msanga, kamera yanyowa

Nthunzi imabwera kamera yozizira ikakumana ndi mpweya wofunda wachinyontho, monga potuluka m'galimoto kapena m'chipinda chozizira kupita kugombe. Isiyeni m'chikwama chotseka kwa mphindi 20 kapena 30 kuti izolowere. Osachotsa lenzi nthunzi ilipo.

Batire imafooka kukazizira. Pa Nyika mu Juni ndi Julayi chisanu chimafika poumitsa mame, ndiye batire yachiwiri muisunge m'thumba lamkati la jekete. Sikirini yoyaka nthawi zonse, Wi-Fi ndi Bluetooth zimadyanso moto. Batire ikatupa, isiyeni, musaitchaje.

Kamera ikagwa m'madzi, musaiyatse kuti muone ngati ikugwira. Chotsani batire ndi khadi yosungira zithunzi nthawi yomweyo, n'kupita nayo kwa wokonza mwamsanga.

## Chithunzi chaipa pochikonza

Snapseed ndi Lightroom ya pa foni, komanso darktable ndi RawTherapee za pa kompyuta, zonse zingathe kukonza chithunzi cha malo bwinobwino. Vuto silikhala pulogalamu koma dzanja lolemera.

Mitundu yakuwa, udzu wabiriwira ngati penti. Saturation, mphamvu ya mitundu, yachuluka. Ibwezeni pa ziro, yambani ndi exposure, kenako highlights ndi shadows (malo owala ndi amdima), kenako white balance (yokonza mitundu kuti choyera chioneke choyeradi), ndipo mitundu ikhale yomaliza. Tiyi wa ku Thyolo ndi wobiriwira kale, safuna thandizo lambiri. Mukamaliza, chokanipo kwa kanthawi, mudzayang'anenso ndi maso opuma. Kawirikawiri mudzatsitsa.

Mzere woyera wazungulira phiri. Clarity, dehaze, sharpening kapena HDR zapitirira. Kulitsani pamene phiri lakumana ndi thambo, muzitsitsa mpaka mzerewo utha. Dehaze ndiyo imanyenga kwambiri pa zithunzi za m'chilimwe, chifukwa imaoneka ngati yachotsa utsi koma imasiya thambo lodera ndi mithunzi yabuluu.

Thambo laduka m'mizere. JPEG imasunga masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse, ndiye mukaikoka kwambiri thambo limasweka. RAW imasunga masauzande. Ngati kamera kapena foni yanu ili ndi RAW, jambulani nayo zithunzi zimene mukufuna kudzakonza. Komanso musamasunge JPEG imodzi mobwerezabwereza, nthawi iliyonse imatayako kanthu. Sungani choyambirira padera.

Mithunzi yadzaza timchenga. Mwatukula shadows kwambiri pa chithunzi chimene chinada, kapena ISO inali pamwamba. Lolani mithunzi ina ikhale yakuda. Noise reduction ikachuluka imasungunula masamba n'kuoneka ngati phula.

Kufiira kwa dzuwa kwasowa. Auto white balance imaona kufiirako ngati cholakwika n'kukuchotsa. Ikani pa Daylight kapena Cloudy.

Pa foni ya mnzanu chikuoneka china. Onani ngati sikirini yanu ili pa njira yoteteza maso usiku, imene imachititsa zonse chikasu, kapena pa Vivid. Zimitsani zonsezo, ikani kuwala pakatikati, ndipo musakonzere padzuwa. Posunga chithunzi chopita pa intaneti sankhani sRGB.

Chafewa mutatumiza. WhatsApp imachepetsa zithunzi kuti isunge data. Tumizani ngati Document, makamaka popita nacho kosindikiza. Pa Facebook, mbali yaitali ikhale mapikiselo 2048. Chosindikiza pa A4 chimafuna mapikiselo pafupifupi 3500 kwa 2500, ndipo pepala siliwala ngati sikirini, choncho walitsani pang'ono n'kuyesa kaye kakang'ono.

## Khadi ikukana, kapena zithunzi zasowa

1. Khadi yachinyengo. Pali makhadi olembedwa 64GB amene mkati mwake ndi aang'ono. Amayamba bwino, akadzaza mbali yeniyeniyo zithunzi zimayamba kuwonongeka. Khadi yatsopano iyeseni pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya H2testw musanapite nayo kutali.
2. Inachotsedwa ikulembabe, kapena magetsi anazima mukukopera. Dikirani kanyali ka kamera kazime.
3. Inafomatidwa kwina. Fomatani khadi m'kamera imene muigwiritse ntchito, mutakopera zithunzi malo awiri.
4. Kachotsekera ka m'mbali mwa khadi katsika. Kakwezeni.

Zithunzi zikasowa kapena mukazifufuta mwangozi, chotsani khadiyo ndipo musajambulirenso kanthu, chifukwa chithunzi chatsopano chimalembedwa pamwamba pa chakale. Kompyuta ikakufunsani ngati ifomate, kanani. Pulogalamu yaulere ya PhotoRec imabweza zambiri, koma zimene yabwezazo muzisunge pa kompyuta, osati pa khadi yomweyo. Ngati kompyuta siikuiona n'komwe khadiyo, kapena yasweka, yapindika, kapena ikutentha mukailowetsa, musapitirize kuyesa. Ikulungeni bwino mupite nayo kwa akatswiri obweza mafayilo, ndipo muwafunse mtengo asanayambe ntchito.